Anafunsa, Kenako Anakhala Chete

Mayina a ana osankhidwa kupita ku yunivesite atatuluka, kwathu kunamveka nthungululu mpaka anansi anathamangira kudzafunsa ngati kwabadwa mwana. Dzina la mtsikana wathu linalipo. Tikuti mtsikana wathu chifukwa ngakhale anamubereka ndi wamng'ono mwa ife, tinamulera tonse atatu, monga zimakhalira m'mbumba za kuno: wina anagula yunifolomu, wina analipira mayeso, wina ankamudzutsa m'bandakucha kuti aswali Fajr asanatsegule mabuku. Chimwemwecho chinakhala masiku awiri. Tsiku lachitatu achimwene athu, amene ndiwo eni mbumba, anafika pa njinga itatha swala ya Asr, nakhala pakhonde, nafunsa modekha chimene mwanayo akukaphunzira ku Zombako. Atamva kuti ndi zisudzo, anavula kofiya yawo, naiyang'ana mkati ngati muli yankho, naivalanso.

"Zisudzo nazonso zili ndi pulofesa?" anatero. "Ine ndimayesa za Izeki ndi Jakobo munthu amangobadwa nazo."

Ife tinaseka, iwo sanaseke. Anati wochita sewero amanena zimene si zoona: amadzitcha mfumu pamene ndi wogulitsa usipa, amalira maliro a munthu amene sanamwalire. Anati sakuona mmene mwana wamkazi wa Chisilamu angaimire pabwalo, amuna namuyang'anitsitsa, iye n'kumatchula mnyamata wachilendo kuti mwamuna wanga. Ndipo anafunsa chimene adzadye akamaliza zaka zinayizo. Sanali mafunso achibwana, ndipo usiku umenewo sitinawayankhe. Atanyamuka, tinakhala pamkeka kwa kanthawi osalankhula, mpaka wamkulu mwa ife anati: "Kodi tsiku la chitsime lija mukulikumbukira?"

Munali chapakati pa zaka za m'ma 1980, ife tili atsikana otunga madzi. Mudzi wathu uli chakufupi ndi msewu wochokera ku Liwonde kupita ku Mangochi. Chitsime chathu chinali dzenje chabe, chopanda chivundikiro, chopanda mpanda. Mbuzi zinkamwa pomwepo, miphika tinkatsukira pomwepo, ndipo mvula ikagwa zonse za kutchire zinkakokolokera momwemo. Chaka ndi chaka, dzinja likangoyamba, ana ankatsegula m'mimba, ndipo amuna ankapita kumanda atanyamula timitembo tokulungidwa m'sanda yosakwana ndi mkono womwe. Tinkati ndi chifuniro cha Allah, ndipo kutero kunali koona. Chimene sitinkanena n'chakuti Allah yemweyo anatipatsa manja, natipatsanso dothi loumbira njerwa.

Alangizi a zaumoyo ankabwera ndithu. Ankapachika pamtengo chithunzi cha ntchentche yaikulu ngati nkhuku, n'kulankhula ola lathunthu. Ife tinkavomera zonse, tinkawomba m'manja, iwo n'kukwera njinga zawo. Mawa lake tinkatunga madzi omwewo.

Ndiye kunabwera ena amene tinkangowatcha ana a ku koleji. Chodabwitsa chawo chinali chakuti sanafike ndi sewero lokonzeratu. Masiku oyamba ankangoyendayenda m'mudzi, kukhala pansi ndi amayi pamtondo, kutiperekeza kuchitsime, kufunsa kuti ndani amachisamala, ndani anachikumba, chinaphwa liti. Ankaphunzira nyimbo zathu, ndipo ena ankayesa Chiyao chothyokathyoka chimene tinkaseka mpaka kugwetsa ndowa. Akuluakulu ena ankawakayikira kuti mwina ndi akazitape a boma, pakuti masiku amenewo mlendo wofunsafunsa sankagonetsa anthu tulo.

Tsiku la sewero tinasonkhana pansi pa mtengo wa mango, amuna mbali yawo, ife mbali yathu, amfumu pampando wawo. Panalibe nsanja, panalibe nsalu yotchinga. Mtsikana wina anafungatira chitenje chokulungiza ngati khanda lodwala. Mnyamata amene anali ngati mwamuna wake ankamukalipira kuti ndi waulesi, sasamala mwana. Iye ankati vuto ndi madzi. Mwamunayo ankati za madzi ndi za akazi, asamusokoneze ali pa bawo. Anakadandaula kwa mfumu ya m'seweromo, imene inayasamula n'kunena kuti nkhani imeneyi tinaikambirana kale chaka chatha. Anthu anaseka, koma kunali kuseka kwa munthu amene wadutsa pagalasi n'kudziona kuti ali ndi mwaye pamphuno.

Pamenepo mtsikana uja anasiya kuyang'ana mwamuna wake wa m'sewero. Anatembenukira kwa ife, khanda lake lansalu lili m'manja, nati: "Amayi anzanga, mwamva nokha. Ine ndichite chiyani?" Atatero anakhala chete. Anzake onse anakhalanso chete. Tinayesa aiwala mawu. Bata limenelo linatalika mpaka tinamva nkhuku zikupalasa kuseri kwa bwalo, ndipo palibe mmodzi wa iwo amene anayesa kutipulumutsa ndi nthabwala kapena nyimbo.

Amene analankhula anali agogo ena amasiye, amene pamisonkhano ya mudzi sankatsegula pakamwa. Sanaimirire n'komwe. Anati: "Mwanangu, usataye nthawi ndi mwamuna wakoyo. Funsa amuna ali apawa kuti njerwa zimene analonjeza chaka chadzana zili kuti." Mbali yathu kunabuka phokoso ngati mvula ya matalala pa malata. Bambo wina anaimirira nati njerwa popanda simenti n'zopanda ntchito. Mayi wina anamudula nati ndalama za simenti tinasonkha, zinapita kuti? Onsewa ankayang'ana mfumu ya m'sewero, ankailoza chala, ankaikalipira mopanda mantha, pakuti inali mwana wa sukulu wovala mkanjo wobwereka. Koma amfumu enieni anali pompo, akumva liwu lililonse, ndipo panalibe amene akanamuimba mlandu wa chipongwe. Patapita zaka m'pamene tinazindikira kuti nzeru yonse ya ntchitoyo inali pamenepa: anatibweretsera munthu woti tim'kalipire, kuti choona chimveke popanda wina kuchititsidwa manyazi.

Chakumapeto mwalimu wa madrasa yathu anaimirira. Tinkaopa kuti aletsa zonse. Iwo anangokumbutsa anthu zimene ankatiphunzitsa ife ana, kuti madzi amene najisi yawasintha mtundu, fungo kapena kakomedwe sayeretsa munthu, ndipo anafunsa ngati pali wina amene ananunkhizapo madzi amene timachitira wudhu kasanu pa tsiku. Palibe anayankha. Sewerolo silinathe ndi kuwomba m'manja. Linathera pa kusankha anthu, amuna ndi akazi, oti ayang'anire chitsime, ndipo adhana ya Maghrib inatipeza tikadakangana za tsiku loyamba kuumba njerwa. Njerwazo zinaumbidwa. Sitinena kuti imfa inasamuka m'mudzi mwathu, koma chitsime chinamangidwa, chinavundikiridwa, ndipo mbuzi zinapeza kwina kokamwa.

Mayina a aphunzitsi amene ankatsogolera ntchito imeneyi tinadzawadziwa mochedwa, mmodzi wa ife atakhala mphunzitsi n'kuyamba kuwerenga za zisudzo kuti athandize ana a sukulu yake. Anali a Christopher Kamlongera ndi mnzawo wochokera ku Britain, a David Kerr, a ku Chancellor College ku Zomba. Anagwirizana ndi nthambi ya zaumoyo wa m'midzi ya ku Liwonde, imene inkalandira thandizo kuchokera ku Germany, ndipo anagwira ntchito m'madera monga Mwima ndi Mbela. Kolejiyo inali kale ndi gulu la zisudzo loyendayenda, limene linayamba mu 1970, koma kwa zaka zambiri masewero ake anali a m'Chingerezi, oonetsedwa makamaka m'sukulu za sekondale. Munthu ngati agogo aja akanangoona milomo ikugwedezeka. Kusintha kunadza pang'onopang'ono. Ku Botswana anthu anali atayamba kale, mu 1974, kugwiritsa ntchito zisudzo pokambirana mavuto a m'midzi, pa ntchito yotchedwa Laedza Batanani. Kuno kwathu, mu 1981, a ku kolejiwo anapita ku Mbalachanda m'boma la Mzimba kukayesa masewero a chitukuko pakati pa alimi. Pofika ku Liwonde anali ataphunzira kuti sewero lobwera ndi yankho lake silisiyana kwenikweni ndi chithunzi cha ntchentche chija. Njira imene tinaiona ife ankaitcha kutsegula sewero: nkhani ikafika pothina, wochita sewero amaipereka m'manja mwa oonerera.

A Kamlongera anatenga digiri yawo ya udokotala ku yunivesite ya Leeds ku England mu 1984, atafufuza za ubale wa zisudzo ndi moyo wa anthu m'Malawi. Mu 1989 anatulutsa buku lofotokoza za zisudzo za chitukuko mu Africa, potengera zitsanzo za ku Malawi ndi ku Zambia. Pambuyo pake anakatsogolera likulu la SADC loona za kufalitsa mauthenga a chitukuko ku Harare, ndipo anadzakhalanso mkulu wa Chancellor College yomweyo. Amenewo ndi maudindo olembeka papepala. Chimene chimatigwira mtima ife ndi china. Tawaona ana ambiri a kuno amene anapita kutali kukaphunzira, nabwerako ndi lilime lolemera. Akafika pamaliro kapena paukwati amalankhula pamwamba pa mitu yathu, ndipo tikayankha amayang'ana foni. Apa panali aphunzitsi amene anawoloka nyanja zamchere, koma ophunzira awo anawazoloweretsa kukhala pafumbi n'kudikira kuti mayi wamasiye wosadziwa kulemba dzina lake alankhule. Kudikira koteroko munthu sabadwa nako. N'kovuta kuposa kuseketsa anthu, chifukwa aliyense woima pagulu amaopa bata, ndipo amafulumira kulidzaza ndi mawu ake.

Tisawakometse mopitirira. Inali nthawi ya Kamuzu, ndipo panali mafunso amene sankafunsika. Lamulo la 1968 linkafuna kuti sewero livomerezedwe ndi bungwe la boma lounika zofalitsa lisanaonetsedwe, ndipo pamsonkhano uliwonse wa m'mudzi tcheyamani wa chipani ankakhala kutsogolo. Tinkatha kufunsa za njerwa za amfumu, koma palibe akanafunsa chifukwa chimene mayi ankabwezedwa pachipata cha msika ngati alibe khadi la chipani. Mu 1987 a Jack Mapanje, mphunzitsi wa pakoleji yomweyo, anamangidwa n'kusungidwa ku Mikuyu popanda mlandu mpaka 1991. Ku Kenya, a Ngugi wa Thiong'o atakonza sewero la m'Chikikuyu pamodzi ndi anthu a m'mudzi wa Kamiriithu mu 1977, anatsekeredwa m'ndende, ndipo mu 1982 bwalo limene anthuwo anamanga ndi manja awo linagwetsedwa ndi apolisi. Choncho a ku Zomba ankaponda mosamala, ndipo alipo amene anganene kuti ankafunsa mafunso aang'ono okhaokha. Ife amene tinkaona timitembo tija sitingalitche laling'ono funso la madzi. Sitikunenanso kuti zisudzo ndizo zinabweretsa referendamu ya 1993; tikungoti pakamwa pamene panatsegukapo kamodzi pamaso pa mfumu sipavuta kutsegukanso.

Zonsezi tinawafotokozera achimwene Lachisanu lotsatira, atabwera kudzadya nafe pochokera ku Jumu'a. Tsiku la chitsime analikumbukira bwino, pakuti anali mmodzi wa anyamata amene anaponda dothi la njerwa. Koma anati zimenezo sizikuyankha nkhani ya bodza. Apa wachiwiri mwa ife, amene lilime lake silidziwa mantha, anati: "Achimwene, paja pa beni munali kaputeni, mamendulo a zitsekerero za mabotolo ali mbuu pachifuwa. Nkhondo yake munamenya kuti?" Anatsamwa ndi tiyi. Beni ndi sewero lathulathu la kuno kunyanja, lotsanzira perete wa asilikali a nthawi ya atsamunda, ndipo palibe amene anapitapo kwa kaputeni wa beni kukapempha kuti amulembe usilikali. Bodza limakhalapo pamene womvayo akunyengedwa. Pansi pa mtengo wa mango paja panalibe ndi mmodzi yemwe amene ankaganiza kuti chitenje chija chikupuma.

Ife si mashehe, ndipo tikudziwa kuti akuluakulu a maphunziro a Dini amasiyana maganizo pa nkhani ya zisudzo: ena amaletsa, ena amaloleza poika malire. Koma pali zinthu zimene tinaphunzira tili ana ku madrasa zimene zimatibwerera tikamaganiza za tsiku lija. Hadith yodziwika imatiuza kuti Jibril anadza m'maonekedwe a munthu wovala zoyera, nakhala pamaso pa Mtumiki Muhammad (madalitso ndi mtendere zikhale pa iye), nayamba kufunsa za Chisilamu, za Imani ndi za Ihsani, maswahaba akumvetsera. Ndipo atachoka, Mtumiki anawauza kuti mlendoyo anadza kudzawaphunzitsa Dini yawo. Sitikufanizira zimenezo ndi sewero, Allah atiteteze. Tikungoona kuti funso lofunsidwa pagulu, ndi wina amene yankho akulidziwa, ndi njira yakale ndi yolemekezeka yophunzitsira. Timakumbukiranso kuti anthu a ku Habasha anasewera ndi mikondo yawo mumzikiti wa ku Madina, mayi Aisha akuonerera ataima kumbuyo kwa Mtumiki. Ndipo pali nkhani imene amwalimu amakonda kusimba, ya Hasan ndi Husain ali ana: ataona bambo wachikulire akulakwitsa wudhu, sanamudzudzule, koma anamupempha kuti aweruze amene mwa awiriwo akuchita bwino, ndipo bamboyo poonerera anazindikira yekha cholakwa chake. Chimene Qur'an imayamikira mwa okhulupirira, chakuti zinthu zawo amaziyendetsa pokambirana, ife akazi a m'mudzi uja tinachilawa koyamba tsiku limene ana a ku koleji anakhala chete.

Pa nkhani ya ulemu wa mwana wamkazi sitinatsutsane nawo achimwene, chifukwa nkhawa yawo ndi yathunso. Malire alipo, ndipo mtsikanayo anawatchula yekha asanafunsidwe: hijabu yake sidzavulidwa chifukwa cha gawo la m'sewero, sadzakhudzana ndi mwamuna pabwalo, sadzalowa m'sewero lotsanzira Atumiki a Allah kapena lonyoza chipembedzo cha wina, ndipo nthawi ya swala ikakwana adzapempha kutuluka. Ngati zidzamuvuta kusunga zimenezi, anati, ntchito ya zisudzo ili ndi zipinda zambiri: pali olemba, pali otsogolera, pali ofufuza amene amayenda m'midzi ndi kope. Za chimene adzadye sitinawanamize. Njira imeneyi si ya unamwino, imene malipiro ake amadziwika tsiku lake.

Koma pali chifukwa china chimene tikufunira kuti apite, ndipo ichi ndi chodandaula chathu. Luso lija linasanduka malonda. Kuyambira pamene mabungwe anachuluka, taona magulu osawerengeka akutsika m'galimoto atavala malaya ofanana olembedwa uthenga, n'kuvina, n'kukuwa za edzi, za chisankho, za mitengo. Nawonso amafunsa kuti, "Tichite chiyani, anthuni?" koma yankho amakhala nalo kale m'thumba, ndipo ukayankha zina amakuthokoza n'kupitiriza ngati sunalankhule. Dzuwa lisanapendeke amakhala atajambula zithunzi, atalembetsa mayina, atapita. Ndipo tisaloze ena okha. Timasewero ta ana athu a madrasa, timene timaonerera pa zikondwerero zotsekera chaka, nthawi zambiri timayenda njira imodzi: mnyamata wasiya swala, wayamba mowa, wagundidwa ndi galimoto, walapa ali pa bedi la chipatala. Timaseka, timati Masha Allah, timabwerera kunyumba tili chimodzimodzi, popeza woipa wa m'seweromo sakhala ife. Palibe kasewero kamene kanatifunsapo chifukwa chimene mtsikana wa Sitandade 7 amasiyira sukulu mnyamata akangobwera kuchokera ku Joni ndi foni yatsopano, kapena mmene mayi amakhalira zaka zisanu osamva liwu la mwamuna wake amene ali ku Johannesburg, iye osadziwa ngati akadali pabanja. Zimenezi timazinong'ona kukhitchini. Pakhutuba zimatchulidwa mwachidule, ndipo pakhutuba munthu sayankha. Tikusowa mwana wathu, wodziwa Dini yake ndi chilankhulo chathu, amene angaziike pakati pa bwalo m'njira yoti shehe, mfumu ndi mayi wamasiye onse athe kulankhulapo popanda wina kutuluka atanyozeka.

Achimwene sananene kuti avomera. Iwo satero. Anangosiya kubwera ndi nkhaniyo, ndipo patapita sabata ziwiri anatumiza mwana ndi thumba la mpunga, kuti mtsikanayo asakavutike masiku oyamba.

Anadzafika m'mawa wa tsiku la ulendo, ife tikumanga katundu. Anamupatsa mkeka watsopano woswalira, namuuza kuti akafika akafunse kumene ophunzira a Chisilamu amasonkhana. Iye anagwada nati, "Zikomo amalume, ndamva." Tinayenda tonse mpaka kumsewu. Njira yake imadutsa pamzikiti wathu, pamene pali mjigo umene unawonongeka mwezi wa Ramadhani usanafike. Ndalama zokonzera tinasonkha kawiri, ndipo mpaka lero amayi akutunga kudambo. Achimwene, amene ali m'komiti ya mzikitiwo, anaima pang'ono, nayang'ana mjigowo, navula kofiya yawo monga amachitira.

"Mwanawe," anatero, "ukabwera pa holide, kasewero kako koyamba kadzakhale ka mjigo uwu. Koma wa komiti wa m'seweromo asadzavale kofiya yofanana ndi yangayi."

Minibasi ya ku Liwonde inali itayamba kale kuliza hutala.